Usanagule Mfuti Ija, Imva za Khutu Langa

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano pamene iwe ndi amayi ako mwapita ku Belgrave Road kukagula zimene iwo akuti ndi zinthu ziwiri zokha. Amayi ako ndimawadziwa, komanso ino ndi sabata ya Diwali, chikondwerero cha amwenye chija, msewu wonse wadzaza anthu, ndiye nthawi ndili nayo yambiri. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikanalemba m'Chingerezi ukanangoyendetsa maso ngati uthenga wa pafoni n'kunena kuti wamva. Chichewa umachiwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, milomo ikugwedera, ndipo ndi mmene ndikufunira kuti uwerenge zimenezi. Pamene pakukanika usafunse amayi ako, chifukwa akayamba kuseka sumaliza.

Mawa ukukwera ndege kupita ku Texas kukayamba unesi ku chipatala cha kumeneko. Sindikukuletsa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ifenso tinasiya makolo athu ku Ntcheu ataima pamsewu. Za kupemphera, za kudya bwino ndi za anyamata, amayi ako anena kale zokwana mabuku atatu. Ine yanga ndi imodzi yokha, mfuti ija.

Lamlungu tikudya unatulutsa foni n'kutionetsa pisitolo. Unati anzako amene anatsogola kumeneko amapita Loweruka lililonse ku malo oomberako mfuti, kukaboola mapepala pongosangalala, ndipo poti kuno ku England munthu wamba saloledwa kusunga mfuti ya m'manja, iwe ukangokhazikika n'kupeza mapepala ake ukagula yakoyako. Sunasankhe kakang'ono ayi. Unasankha chimfuti chachikulu kuposa zonse patsambalo, chimene akuti chikalira woyandikana nawe amasiya zake n'kucheuka. Amayi ako anafunsa kuti, "Nanga zing'onozing'onozi zakulakwira chiyani?" Iwe unaloza chithunzi changa cha pakhoma chija n'kuyankha m'Chingerezi chako kuti ndiwe mwana wa mlenje, magazi a adadi sangagwire kamfuti ka ana. Unandiona ndikutsamwa mpaka misozi. Silinali fupa la nsomba monga ndinanenera.

Ndiyambe ndi chithunzicho. Wakula ukuchiona: ine ndili mnyamata, chifuwa ndatulutsa, mfuti ili m'manja, phazi ndaponda nguluwe yakufa. Nguluweyo ndi yeniyeni, mfutiyo ndi yeniyeni, phazilo ndi langadi. Zotsalazo ndi bodza. Anapha nguluwe ija ndi amalume anga, ine ndinafika ataigoneka kale pabwalo. Tsiku limenelo m'mudzi munali wojambula zithunzi amene anabwerera ukwati, ndiye ndinawachonderera amalume kuti andibwereke mfuti kwa kanthawi. Anayamba achotsa zonse za m'kati, kusuzumiramo kawiri, kenako n'kundiuza kuti, "Gwira, koma chala chakocho chikhale kutali ndi apo." Ukatsika m'mawa uchiyang'anitsitse bwino chithunzicho. M'mphepete mwake mukuoneka dzanja la munthu. Ndi la amalume, anali chire kuti andilande.

Ulenje wanga weniweni unali wa mbewa, ndipo ngakhale kumeneko sindinali wokumba. Ine ndinali wodikira pa una wothawira, ndipo mbewa zambiri za kwathu zinafa ndi ukalamba chifukwa cha ine. Ndiye ukamanena za magazi a adadi, mwana wanga, dziwa magazi amene ukunena.

Bodzali sindinaliyambe ndi mtima woipa. Uli wamng'ono, nthawi yachisanu kukada anthu asanaweruke, amayi ako ali ku shifiti, unkalira osatonthola. Tsiku lina ndinakunyamula n'kukulozera nguluwe ija, ndipo unakhala chete. Mawa lake unafuna nkhani yomweyo, koma yotalikirapo. Nguluwe imodzi inasanduka zitatu. Utafika zaka zisanu ndi chimodzi, kambuku anali atalowamo. Unkandiyang'ana ndi maso aakulu, ndipo ine, munthu amene ndinkangokhalira kunyamula makatoni a anthu tsiku lonse, maso amenewo ndinawakonda. Ndinkati ndidzakuuza zoona ukadzakula, koma iwe unakula msanga ine ndisanakonzeke.

Magazi enieni amene ndikuopa kuti watengera kwa ine ndi okonda zinthu zikuluzikulu. Tikukhala ku Normanton, m'kanyumba kaja kopanikizana ndi tinzake, ndinamva kuti butchala ina ikutseka ndipo ikugulitsa mafiriza. Amayi ako anandituma kakang'ono koti kakwane pansi pa masitepe. Nditafika ndinapeza chifiriza chachitali, choyera, chogona chagada, chokwana ng'ombe yathunthu ndi mwana wake. Ndinaganiza za anthu a kutchalitchi akubwera kudzachiona. Amuna anayi anachitsitsa pagalimoto, koma pakhomo chinakana kulowa. Tinachipendeketsa, tinachiimika, tinachotsa chitseko, osatheka. Chinagona kutsogolo kwa nyumba masabata awiri, titachifunditsa nsalu yakuda kuopa mvula, mpaka mayi wina wokalamba woyandikana nafe anabwera ndi maluwa kudzatipepesa maliro. Amayi ako analandira maluwawo mwaulemu n'kumuuza kuti chamwalira ndi nzeru za amuna awo.

Ndinagula ndisanayeze khomo. Khomo la mfuti ndi dzanja la mwini wake, Tadala. Dzanja lako ndi lomwe lija umandipatsira botolo la chiponde kuti ndikutsegulire. Chimfuti chachikulu chikalira chimabwerera m'mbuyo ndi ukali, ndipo sichifunsa kuti bambo ako ndani. Yeza khomo usanagule.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kutenga cholembera. Nthawi imene ndinkayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu kaja, ku weyahausi yosungiramo katundu ya ku Corby, bodza la ulenje linanditsatira ku ntchito. Analinyamula ndi a Tembo, mnzanga wa ku Zambia uja, amene anaona chithunzicho atabwera kudzacheza ndipo iwe mwini unawafotokozera za kambuku. A Tembo nkhani sagona nayo. Pofika Lolemba, basi yonse ya shifiti ya m'mawa inali itadziwa kuti pakati pawo pali munthu amene anapha kambuku. Ndikanakana pomwepo zikanatha. Koma anthu amene zaka zonse sankalidziwa n'komwe dzina langa anayamba kundisungira mpando wakutsogolo n'kumandifunsa kuti kambuku amanunkha bwanji. Ndinawayankha. Ndinawonjezeranso kuti anali wamkazi, ndiye woopsa kwambiri.

Kumapeto kwa chaka abwana anatikonzera tsiku losangalala ku famu ina kunja kwa tawuni, kukaombera timbale tadothi. Makina amaponya kambale m'mwamba, iwe n'kukaswa ndi mfuti yaitali kasanagwe. M'mawa wa tsikulo ndinayesa kudwala, koma kukwatira nesi kuli ndi mavuto ake. Amayi ako anandigwira pamphumi, kundiyang'ana lilime, n'kundipatsa jekete kuti ndizipita.

Ku famuko tinalandiridwa ndi mphunzitsi wake, bambo wachikulire wa mawu ochepa. Aliyense anam'patsa zotsekera makutu zonga mahedifoni, n'kuyamba kufotokoza kaimidwe ndi pamene mfuti iyenera kutsamira paphewa. Anzanga onse anatchera khutu. Ine ndinaima kumbuyo manja ali m'thumba, ndikugwedeza mutu ngati ndabwera kudzayendera ntchito yake. Safunsa anadya phula, mwana wanga, ndipo ine tsiku limenelo ndinapita ndi supuni. Itakwana nthawi yanga, bamboyo anayang'ana msinkhu wanga n'kunditengera mfuti yopepuka. Pomwepo a Tembo anandikodola.

"Ba Banda, muzavomela ka mfuti ka bana, imwe ba kambuku? Iyayi! Tengani ija ikulu, tibaonese manje."

"Ndimafuna ndinene zomwezo, a Tembo," ndinatero.

Mphunzitsiyo anandifunsa kawiri ngati ndinagwirapo yotero. Ndinamuyankha kuti ndinakulira nazo. Anandipatsa, kundikonza phewa ndi manja ake, n'kuima kumanja kwanga. Kambale kanauluka, ine ndinatsinzina n'kukoka. Nditatsegula maso ndinaona fumbi m'mwamba. Ndinali nditakaswa! Mpaka lero sindidziwa kuti zinatheka bwanji, mwina kambaleko kanali kosweka kale. Ndinacheukira kumanzere kumene kunaima anzanga. Onse akudumpha, akuwomba m'manja, pakamwa pali yasa, a Tembo akudziguguda pachifuwa ngati aombera ndi iwo. Koma ine sindinkamva kanthu chifukwa cha zotsekera zija. Zaka zonsezi ndikuyamikiridwa pa kambuku wabodza, lero ndachita chenicheni, ndiye ndisamve? Ndinakweza dzanja mwakachetechete n'kusuntha chotsekera cha kumanzere, n'kuchibisa ndi chipewa.

Zinali zokoma, sindikunama. Dzina langa likutchulidwa m'Chingerezi, m'Chinyanja cha a Tembo, ndi m'zilankhulo zina za anzathu a ku weyahausi zimene sindizidziwa. Ndinasiya khutulo lili pamtunda kuti ndimvenso zotsatira. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinaombera kachiwiri, kambale kanapita kwawo, m'khutu munalira. Kachitatu chimodzimodzi. Kachinayi ndinaganiza kuti vuto ndi kaimidwe ka mphunzitsi uja, ndiye ndinaigwira monga ndinaigwirira pachithunzi, motayirira, kutali ndi phewa. Zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa. Ndinapezeka nditakhala pansi m'matope, chipewa chili uko, mfuti ili kale m'manja mwa mphunzitsi. Anayang'ana khutu langa lili pamtunda, kuyang'ana ine, n'kupukusa mutu. A Tembo anawerama n'kunena china chake kumanzere kwanga. Ndinangoona milomo.

Kunyumba ndinawauza amayi ako kuti makina a ku ntchito andisokosera. Iwo anandivula shati, n'kuona phewa litatupa, lili bii.

"A bambo a Tadala, makina a ku Corby ayamba liti kumenya anthu makofi?"

Ndinaulula zonse, kuyambira pa nguluwe. Anaseka mpaka kukhala pansi pakapeti, kenako anandiperekeza ku chipatala. Dokotala anayeza n'kunena kuti zimene zapita m'khutu limenelo sizibwerera. Kuyambira tsiku limenelo kumanzere kwanga kumangolira nyenje usana ndi usiku, ndipo mawu a munthu akachepa sindiwamva. Ndinawapempha amayi ako kuti asakuuze. Anavomera, ndipo lonjezo analisunga, koma ulere palibe. Makatani atsopano aja, sofa ija, alendo aja anakhala nafe miyezi itatu, zonsezo anandiuza nthawi yabwino pali mboni, atakhala kumanzere kwanga. Ndikadabwa amangoti, "Ndinakuuzanitu, munati eya."

Iwe wakhala ukuganiza kuti ndimakakamira mpando wapakona patebulo chifukwa cha ukalamba, ndiponso kuti ndimakusunthira mbali imodzi tikamayenda pofuna kukuteteza ku magalimoto. Tsopano wadziwa. Kachipangizo kothandiza kumva ndinakakana zaka zonsezi chifukwa ukanandifunsa, ndipo nesi sanamizika kawiri.

Ndiye tamvera, mwana wanga. Ndiwe wamkulu, malipiro ndi ako, dzikolo lili ndi malamulo ake, ndipo ine sindingakutsekere sitolo ndili ku Leicester. Masewerawo sindikuwanyoza, anthu aulemu amawachita n'kubwerera kwawo ndi makutu awiri. Ngati ukufuna kupita ndi anzako, pita. Koma ndamva kuti malo oterowo amabwereketsa mfuti, ndiye bwereka kaye, ndipo uyambe ndi kakang'ono kamene amayi ako anakamvera chisoni kaja. Mphunzitsi akamalankhula manja ako asakhale m'thumba. Akakufunsa ngati unagwirapo, unene kuti ayi, kwathu ndife a mbewa. Makutu onse awiri utseke, ndipo usatsegule ngakhale anthu akuimbire nyimbo. Ngati wachita bwino adzakuuzanso kugalimoto.

Udzifunsenso funso ili usanatulutse khadi lako: kukanakhala kuti palibe woonera, ukanasankha chimfuti chimenechi? Pepala silidziwa kukula kwa chimene laliboola. Odziwa ndi anthu oima kumbuyo kwako. A Tembo ali paliponse, ku Texas ukawapezanso atavala chipewa chachikulu, akukuuza kuti tenga ija ikulu. Sadzakhala anthu oipa. A Tembo athu mpaka lero amandikonda, ndipo makutu awo onse awiri ndi abwinobwino.

Kumbukira kuti iwe umadya ndi makutu ndi manja. Ine khutu limodzi linandikwanira kuyendetsa folokolifiti. Iwe uziika kachitsulo kako kaja pachifuwa cha munthu kuti umve kaphokoso kochepetsetsa, kamene kakuuze ngati uitane dokotala pompo kapena ayi. Uzifunafuna mtsempha padzanja la gogo amene akunjenjemera. Sindinakuperekeze ku laibulale zaka zonse zija kuti ukapereke zimenezo kwa pepala la Loweruka. Ndikunena mosabisa, ndikuchita mantha.

Ukadzaumirira n'kugula, ndikupempha kuti isamakhale nawe popanda loko, ndipo usadzanene kuti ndabisa pabwino. Pabwino palibe. Ine imvi zitayamba ndinagula utoto wakuda wa tsitsi n'kuubisa pamwamba pa wadilopu, kuseri kwa masutikesi, m'kati mwa sokosi. Ngakhale amayi ako sankadziwa. Iwe, uli ndi zaka zisanu, unakoka mpando, kusanjikapo mapilo, n'kuupeza. Tinakupeza wadetsa chidole chako, kapeti ya eni nyumba ndi nsidze zako zomwe, ndipo Lamlungu unalengeza ku Sande sukulu kuti tsitsi la adadi limakhala m'botolo. Umenewo unali utoto. M'nyumba mwako mudzabwera ana a anzako, ndipo tsiku lina mudzakhala adzukulu anga amene ukuchedwa nawowa. Akadzatengera iwe, palibe wadilopu imene idzawatalikire.

Koma ukandifunsa maganizo anga enieni, ndi awa: usagule chachikulucho. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo amene akukutsina lero ndi munthu amene watsala ndi limodzi. Ngati unkachifuna kuti ufanane ndi munthu wa pachithunzi uja, munthu ameneyo kulibe, sanakhalepo. Alipo ndi ine, wodikira pa una, wogula chifiriza, wokhala m'matope. Ndikudziwa kuti ukhumudwa, ndipo mwina useka, ndipo sindikudziwa chimene chindipweteke kwambiri. Chithunzicho ndinafuna kuchitsitsa lero, koma amayi ako akuti chikhale, nguluweyo sinalakwe kanthu.

Ndatsala ndi chimodzi, ndipo ichi sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako. Tsiku limene unamaliza maphunziro a unesi, utavala mkanjo wakuda uja, unatuluka m'holo ukuthamanga, kudutsa anzako onse, n'kudzandikumbatira. Unaika pakamwa pako pakhutu langa n'kunong'ona mawu ataliko ndithu. Linali la kumanzere. Ndinangomva mpweya wako wofunda ndi nyenje zanga zija. Unabwerera m'mbuyo n'kundiyang'ana, misozi ili m'maso, ukudikira yankho. Ine ndinanena zimene ndimanena kwa aliyense amene sindinamumve: "Eya, zoona." Unakhala ngati wadabwa pang'ono, kenako anzako anakukokera ku zithunzi.

Zaka zitatu tsopano ndakhala ndikuganizira mawu amenewo. M'basi, kutchalitchi, pometa ndevu. Tsiku lina ndimati mwina unati zikomo. Tsiku lina ndimati mwina unangondiuza kuti zipi ya buluku langa yatseguka, ndipo ine n'kuvomera kuti eya, zoona. Kukufunsa kunali kuulula zonsezi, ndiye ndinasankha kukhala ndi kambuku wanga. Mawu a anthu a ku weyahausi ondiyamikira pa kambale kadothi ndinawamva bwinobwino, onse, ndipo ndingakubwerezere lero. A mwana wanga yekhayo sindinawamve.

Ndikumva kiyi pachitseko, ndipo mmene amayi ako akulankhuliramo zinthu ziwiri zija zabereka. Kalatayi ndiika pansi pa pasipoti yako kuti uipeze usanagone. Usanditsikire kudzakambirana, sinditha kukuyang'ana lero. Pita bwino, ukagwire ntchito ndi manja ofewa, ukatiimbire ukafika, ndipo ukabwere ndi makutu onse awiri. Koma mawa pabwalo la ndege, tikafika pamene operekeza amabwererapo, ngati ukuwakumbukira mawu aja, udzaime kumanja kwanga unenenso.

Ndine bambo ako,
wa mbewa uja.